Ng'oma za Katsabola

Loweruka, 1 Malichi

Achimwene andiputa dala lero. Ndabwera ku saluni msana ukuwawa, zala zitauma ndi kuluka tsitsi la anthu kuyambira m'mawa, kulowa pabalaza ndapeza tebulo langa lakankhidwira kukhoma, pamalo pake pali ng'oma. Osati imodzi. Ng'oma za bandi zija, za miyendo yachitsulo: chachikulu chogona pansi chomenya ndi phazi, zing'onozing'ono pamwamba, ndi chimbale chachitsulo changati chivundikiro cha poto wa pamaliro. Pakati pa zonsezo pakhala mwana wanga Katsabola, timiyendo tili lendelende, mano onse pamtunda.

Akuti bandi yawo yapeza zatsopano, ndiye zakalezi zingochita dzimbiri. Akuti mwanayu ali ndi dzanja. Ndati achimwene, dzanja lakelo ndikulidziwa, ndi lomwe linaboola beseni langa lochapira. Mwana wa zaka zisanu amene amamenya mapoto, zidebe, chitseko, ngakhale msana wa bambo ake akagona, mankhwala ake ndi kumupatsa ng'oma? Iwo kumangoseka. Amwa tiyi, apukuta pakamwa, ulendo. Osafunsa n'komwe ngati tili ndi malo.

Bambo ake angoti mphatso sakana. Pabalaza tsopano tikuyenda chammbali ngati nkhanu.

Lamlungu, 2 Malichi

Mutu. Mpaka m'mano mukumveka.

Lolemba, 3 Malichi

Masana ndimalukira pakhonde pano, Katsabola akaweruka ku sukulu ya mkaka. Lero ndinali ndi mayi wa kubanki uja, wosafuna kukokedwa tsitsi. Titangoyamba, m'nyumba muja gu, gu, tswaa. Mayiyo anadumpha, chipeso n'kumulasa pakhutu.

Kenaka malangizo anayamba kugwa ngati mvula. Aliyense akangokhala pampando wanga amasanduka katswiri wolera ana. Wa kubankiyo akuti mwana wamkazi ndi piyano, ng'oma zimaumitsa manja. Mnzake amene amadikira akuti ayi, musamuletse, mwana wa mchemwali wake anamuletsa kujambula ali wamng'ono ndipo pano ndi chimunthu chongokhala. Wachitatu akuti ndimutseke m'makutu ndi thonje, angagonthe. Ili lokha ndi lomwe ndamvera. Ndamuika thonje iye, lotsala ndadziika ndekha.

Koma chimodzi ndivomere, pano pokha. Sakungomenya chimenyemenye. Pali kanyimbo ka kusukulu kwawo kowerenga zala, ndinakamva bwinobwino mkati mwa chiphokosocho. Ndinaima tsitsi la munthu lili m'manja, kumvetsera. Zimenezi achimwene asazimve.

Lachiwiri, 4 Malichi

Anesi oyandikana nafe agogoda. Ndimadziwa kuti tsikuli likubwera. Nyumba zathu n'zogundana, khoma ndi limodzi, akatsokomola kwawo ife kuno timanena pepani. Amagwira ntchito usiku kuchipatala, ndiye masana ndi usiku wawo.

Anaima pakhomo atafunda bulangete, maso ali psuu. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Amake Katsabola, ine ndimapereka mankhwala kwa odwala. Ndikapanda kugona ndingapereke olakwika." Ndinasowa pobisa nkhope. Tagwirizana kuti mwanayu asamaimbe mpaka iwo atadzuka, dzuwa likapendeka.

Tsono kumuuza mwana kuti ng'oma ndi izo koma usazikhudze, kuli ngati kuuza mbuzi kuti chimanga ichi n'cha mawa. Masana onse, "Amami, adzuka?" Pang'ono, "Nanga pano adzuka?" Nditatanganidwa ndi kasitomala anazemba, n'kukagogoda yekha kukafunsa ngati adzuka.

Anadzukadi.

Lachitatu, 5 Malichi

Vuto lina labadwa. Bambo ake alowererapo.

Mwamuna wangayu amaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo ntchitoyo sathera nayo kuntchito. Ngakhale ndikusenda mbatata amandiuza mogwirira mpeni. Dzulo ndi lero akhala akuonera mavidiyo a oimba ng'oma pafoni, ndiye madzulo ano abwera ali katswiri. Avula nsapato, akoka mpando, akhala kumbuyo kwa mwana. Akuti ngati aphunzire, aphunzire zenizeni.

"Timitengo sagwira ngati mpini wa khasu. Gwira apa. Zigongono pansi. Msana woongoka. Tiye, lamanja, lamanzere, lamanja, lamanzere."

Katsabola anayesa kawiri katatu, kenaka n'kuthawira ku kanyimbo kake ka zala. Iwo, "Ayi ayi ayi, tiyambirenso."

Ndili kukhitchini ndinati uyu si wophunzira wanu wa galimoto, sagunda munthu. Anati chilichonse chili ndi malamulo ake, m'mera mpoyamba. Ndinati m'mera womwewo ukauthira madzi osalekeza umawola. Anati ine ndiziona za tsitsi.

Chabwino. Ndiziona za tsitsi.

Lachinayi, 6 Malichi

Apongozi pafoni. Mwana wawo anawatumizira kavidiyo monyadira, osaganiza. Foni itangolira n'kuona dzina, bambo ake anakumbukira mwadzidzidzi kuti sanasambe. Ndinatsala nayo ndine.

Akuti mwana wamkazi kukhala chotangadza miyendo, pamaso pa bambo ake, ndi zoona? Akuti kumtundu kwawo kulibe woimba m'mabandi, izi watengera kwathu. Ndinati inde amayi. Akuti mawa lino tidzamupeza m'mabala. Ndinati inde amayi. Mwana amene mpaka pano amavala nsapato mosinthanitsa, akumuona kale m'bala.

Ndamuveka buluku. Nkhani ya miyendo yatha.

Lachisanu, 7 Malichi

Lero ndiye mtima uli m'mwamba. Alandilodi andiitanira kumpanda. Amakhala nyumba yakutsogoloyi, anapuma pantchito, tsiku lonse amakhala pansi pa mtengo ndi wailesi yawo. Sanandipatse n'komwe moni. Akuti, "Mayi, ine nyumba ndinapereka kwa banja, osati kwa bandi. Zikapitirira, mwezi ukatha muone kwina."

Ndinapepesa mpaka mawondo anapinda okha. Nyumba ino tinaivutikira. Ili pafupi ndi sukulu ya mwana, pafupi ndi saluni, madzi sasiyasiya, makasitomala anga onse anazolowera khonde lino. Ndisamuke chifukwa cha zitsulo za achimwene?

Ndabwera ndatenga pilo ndalonga m'ching'oma chachikulu chija. Zing'onozing'ono ndazifunditsa matawulo, chimbale ndachimanga ndi juzi yakale. Pano zikulira pu, pu, ngati munthu akukuntha matiresi. Katsabola anaziyang'anitsitsa n'kufunsa, "Amami, zadwala?" Ndinati eya, chimfine. Anamenya imodzi pang'onopang'ono n'kuiuza kuti pepa.

Ndawaimbira achimwene, foni yongoitana. Anthu obweretsa mavuto sayankha foni.

Lamlungu, 9 Malichi

Ndikulemba mwana atagona.

Titangodya chamasana bambo ake anati lero tili ndi nthawi yokwanira. Ndinati mwanayu watopa, anati kutopa ndiye kuphunzira. Anayamba dzuwa lili pamutu, mpaka mthunzi wa mpanda unafika pakhonde akadali pomwepo. Lamanja, lamanzere, lamanja, lamanzere. Mwana akati aimbe kanyimbo kake, iwo ayi, nyimbo zibwera pambuyo. Kaphazi kake sikafika n'komwe pa chopondera, amachita kutsetsereka pampando kuti aponde, akatero iwo akuti msana. Kenaka anamugwira timikono kuchokera kumbuyo n'kumamenyetsa okha, ngati chidole.

Ndinalowa ndi madzi akumwa, n'kuona misozi ikungotsika, osatulutsa mawu. Katsabola amene akalira amamveka mpaka kumsewu. Bambo ake ali kumbuyo, sakuona nkhope, akungowerenga.

Ndinati basi. Anamusiya manja. Mwanayo sanataye timitengo, sanakuwe. Anatigoneka bwinobwino pang'oma, n'kunena kuti, "Ndatopa." Analowa kuchipinda.

Pomusambitsa ndapeza chithuza pachala. Timitengoto n'ta akuluakulu, n'tolemera. Bambo ake akuti chithuza ndi chizindikiro choti dzanja likukhwima, mawa apitiriza. Ndikanawayankha, alandilodi akanatithamangitsa lero lomwe, osati chifukwa cha ng'oma.

Lolemba, 10 Malichi

Zii. Ndaluka mitu iwiri popanda wodumpha. Mulungu alipo.

Lachiwiri, 11 Malichi

Leronso zii. Bambo ake anamuitana madzulo, iye anati akujambula. Anamuitananso, anati ali ndi tulo. Akamadutsa pabalaza amayang'ana kukhoma.

Wa kubanki uja akuti mwaona, zinali zachibwana, zatha zokha. Ndinamukoka tsitsi pang'ono. Mwangozi.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndimayenera kusangalala. Si zimene ndimafuna? Koma m'nyumba muno mwakhala ngati muli wodwala. Si ng'oma zokha zomwe wasiya. Sakumenyanso tebulo, chidebe, chitseko, chilichonse. Mwana amene anayamba kugogoda mbale asanayambe kulankhula, lero akudya phee ngati mlendo.

Pa chakudya chamadzulo ndinayesa dala. Ndinatenga supuni n'kugogoda pakapu kanyimbo kake kaja. Anandiyang'ana n'kunena, ndi mawu a bambo ake enieni, "Ayi amami, sagwira choncho. Mukulakwitsa." N'kupitiriza kudya.

Bambo ake supuni inaima m'malere. Mwana atatuluka ndinawauza zonse zomwe ndakhala ndikumeza. Kuti mwana amasewera, iwo amusandutsira ntchito. Kuti anabwera ndi chinthu chake chomwe palibe anamuphunzitsa, iwo achithyola pofuna kuchiongola. Anati ndiye wolakwa ndi ine? Nanga anafunditsa ng'oma matawulo n'kumuuza kuti zadwala ndani? Nanga amati "chete, chete" tsiku lonse ndani?

Apo amanena zoona, ndipo zandikwiyitsa koposa.

Anesi nawonso, pokatunga madzi pampopi, akundifunsa ngati mwana ali bwino. Akuti thupi linazolowera, amadzuka nthawi yomwe ija n'kumadikira, osamva kanthu. Anthu inu. Aimbe, vuto. Asiye, vuto.

Lachinayi, 13 Malichi

Achimwene atulukira okha, ngati palibe chomwe chinachitika. Ndawafotokozera. Angopukusa mutu.

Akuti mwana wamsinkhu uwu saphunzitsidwa ngati wamkulu. Kanthawi kochepa patsiku, ngati kodikira tiyi kuti awire, ndipo azisiya akadafunabe. Akuti asiyidwe aziimba zake, kagwiridwe kadzabwera kokha manja akamakula. Ukafuna kumuphunzitsa kanthu, uchite ngati masewera: iwe umenye, iye akutsanzire, kenaka iye amenye, iwe umutsanzire. Akuti mpando watalika, timitengo talemera, nanga simukuona?

Ndinati achimwene, zonsezi mumazidziwa tsiku lomwe munatula zitsulo zanu pano? Anati, "Simunafunse."

Ndinalakalaka nditawathira madzi a m'beseni.

Atsitsa mpando, adula timitengo ndi sowo ya bambo ake n'kutipala kuti tipepuke. Mpaka apo zinali bwino. Kenaka, ndisanawaletse, achotsa matawulo onse, asolola pilo, akhalapo okha kuti amukope mwana. Mawindo kunjenjemera. Ndinasuzumira panja, alandilodi aimirira, wailesi ili m'manja, ayang'ana kuno.

Katsabola anaima pakhomo la kuchipinda, maso ali pa manja a amalume ake. Atamaliza anamupatsa timitengo. Mwanayo anabisa manja kumbuyo.

"Sindimatha," anatero.

Amalume ake anati ndani wakuuza zimenezo? Mwanayo anabwerera kuchipinda.

Ndawauza achimwene abwere Loweruka ndi galimoto adzatenge katundu wawo. Nyumba nditaye, mwana ndamutaya kale mbali ina, zonsezi chifukwa cha chiyani? Zichoke.

Lachisanu, 14 Malichi

Bambo ake akuyenda ndwii ngati ofedwa. Abwera ndi maswiti. Mwana walandira ndi manja awiri, wathokoza, wakadyera kuchipinda. Iwo atsala chiimire pabalaza.

Kenaka akundiuza chapansipansi kuti amangofuna kuti azitha bwino, asadzasekedwe. Ndati ndikudziwa. Ndikudziwadi. Koma ndilere mwana, ndilerenso bambo ake?

Alandilodi sanayankhe moni wanga.

Loweruka, 15 Malichi

Ndinaweruka msanga ku saluni kuti ndimasule zitsulozi achimwene asanafike. Bambo ake anali kuntchito, Katsabola ndinamutenga kwa anesi komwe ndinamusiya poti ali patchuthi, tsopano anali kuchipinda ndi mapepala ake. Ndinayamba ndi chimbale chija. Nati yochimangira yachita dzimbiri, yakana. Ndinayesa ndi nsalu, yakana. Ndinayesa ndi pulayala, inaterereka, chikhadabo changa n'kuthyoka mpaka pamnofu.

Sindikudziwa chinandigwira. Ndinatola kamtengo kamodzi n'kuchimenya chimbalecho ndi mphamvu zanga zonse. Tswaa. Ndinamva bwino mpaka kumsana. Ndinakhala pakampando paja, mawondo m'mwamba, n'kuyamba. Iyi ya achimwene. Iyi ya apongozi. Iyi ya wa kubanki ndi piyano yake. Ya alandilodi ndinaponda ndi phazi. Ya bambo ake ndinabwereza. Yanga ndinamenyanso, chifukwa nanenso ndilimo.

Nditaima kuti ndipume, kumbuyo kwanga ndinamva go, go, go.

Sindinatembenuke. Ndinamenya kawiri. Pachitseko cha kuchipinda, go, go. Ndinamenya katatu mofulumira, kamodzi mochedwa. Anabweza chimodzimodzi, n'kuwonjezapo kake kumapeto. Ndinayesa kutsanzira kakeko, ndinalephera. Ndinamva kuseka. Sabata yathunthu ndisanakumve kuseka kumeneko.

Anabwera yekha. Anatola kamtengo kenako, anaima pambali panga, iye ng'oma iyi, ine iyo. Posakhalitsa anandikankha ndi chigongono kuti ndichoke pampando pake, n'kundilandanso kamtengo kanga. Kaphazi kanafika pa chopondera. Anadabwa, anapondanso, anandiyang'ana. Kenaka zinayamba, kanyimbo ka zala ndi zina zomwe sindinazimvepo.

Pakhomo panamveka kugogoda, katatu, kwaukali. Katsabola anayankha pang'oma, katatu. Kunja anagogodanso. Iye anayankhanso.

Ndinatsegula chala chikutuluka magazi. Alandilodi. Ndinali nditakonzeka kupinda mawondo ngati tsiku lija, koma pakamwa panatuluka zina. Ndinati bambo, pepani chifukwa cha phokoso, koma mwanayu aziimba. Kanthawi kochepa tsiku lililonse, anesi akadzuka, matawulo ndizibwezeretsa pa zing'onozing'onozo. Ngati zimenezo sizitheka, mutiuze lero tiyambe kufuna kwina. Ndikuganiza, mkazi iwe, wanena chiyani, mukagona kuti?

Anasuzumira mkati. Katsabola anawayang'ananso, timitengo tili m'manja.

"Lamlungu ayi," anatero. "Nthawi ya nkhani pawailesi, ayi."

Ndinati chabwino bambo.

Atatembenuka kuti azipita anaimanso. "Koma amene anayamba kuimba lero uja, musamulolenso. Mwanayu bola."

Achimwene sanabwere n'komwe, ngakhale kuimba foni.

Bambo ake anafika mwana ali pakati pa nyimbo. Anaima pakhomo, makiyi ali m'manja. Katsabola atawaona anasiya, timitengo tili m'malere, mapewa n'kukwera. Ndinawaona akutsegula pakamwa, akuyang'ana timanja take, akutsekanso. Anaika makiyi pawindo mwakachetechete ngati angasweke.

Mwanayo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Adadi," anatero, "inu muzivina."

Ndikulemba izi nditakhala pakhomo la kukhitchini, chala nditachimanga kansalu. Avula nsapato. Chimunthu chonse chija, malaya a kuntchito, bolopeni ili m'thumba, akuzungulira pakati pa tebulo ndi ng'oma, akugunda mipando. Mwana akafulumiza, iwo akutsalira. Akachedwetsa, iwo akupitirira. Savina bwino ngakhale pang'ono.

Palibe amene wawauza.